Thumba lisakulemereni mu Skyrim: zotola, zosunga ndi zongodutsa

Tsiku lina, ndikusewera gemu ya Skyrim, ndinatuluka m'mabwinja a Nchuand-Zel, pansi pa mzinda wa Markarth, ndikuyenda ngati bilimankhwe. Thumba linali litapyola muyeso, kuthamanga kutakanika, koma mumtima ndinkangoti lero ndalemera. Ndinali nditatola chilichonse cha mtundu wa mkuwa chimene maso anagwerapo: magiya, timawilo, zogwirira, mbale, makapu. Nditafika pa ng'anjo, theka la katunduyo silinaoneke n'komwe pa mndandanda wa zosungunula. Ndinangoima poteropo, manja m'chiuno, ngati munthu amene wasenza thumba la mchenga kuchokera kudambo akuyesa ndi shuga.

The Elder Scrolls V: Skyrim inatuluka pa 11 November 2011, ndipo a Bethesda anaipanga moti pafupifupi chilichonse chili patebulo chimatoleka, kuyambira supuni mpaka chigaza cha chilombo. Msampha wake uli pomwepo. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Musanatole kanthu, muzidziwa kumene mukupita nako: kuchipala, ku tebulo la mankhwala, kwa wogula, kapena kwa munthu amene wakapempha. Ngati simukudziwa, kasiyeni.

1. Dziwani nambala ziwiri

Munthu wanu amayamba ndi mphamvu yonyamula katundu wolemera 300. Zida zimene mwavala ndi lupanga la m'manja zimawerengedwa momwemo. Mukapyola ngakhale ndi 1, kuthamanga kwatha, ndipo gemu sikulolani kudumphira kumalo ena kudzera pa mapu.

Chinthu chilichonse mukachiloza chimaonetsa kulemera kwake ndi mtengo wake. Ine ndimatola pokhapokha mtengo ukhale kulemerako kuchulukitsa ka 10 kapena kuposa. Mphete, mikanda, miyala yamtengo ndi mabotolo a mankhwala zimadutsa mayeso amenewa mosavuta. Nkhwangwa zachitsulo za achifwamba ndi zishango zawo zimalephera, ngakhale zimaoneka zochititsa kaso zili pansi. Mukafika patali m'gemu, kwezani muyesowo ufike pa 20.

Malo m'thumba amawonjezeka m'njira zingapo. Nthawi iliyonse mukakwera levulo n'kusankha Stamina (mphamvu ya thupi), mumapeza 5 wowonjezera. Mwala wa Steed Stone, kumpoto chakumadzulo kwa Solitude, umapereka 100, koma mukumbukire kuti dalitso la miyala yoimirirayi limagwira limodzi pa nthawi. Hatchi imagulidwa pa ndalama zagolide 1000 kumakhola a kunja kwa mizinda ikuluikulu, ndipo mukaikwera mutha kudumpha pa mapu ngakhale mutalemedwa chotani. Ndiye pali Lydia, mlonda woyenda nanu amene mumapatsidwa mukapha chinjoka choyamba ku Whiterun. Amanyamula, ngakhale mawu ake pokulandirani katundu amachita kuonetseratu kuti sakukondwa nazo.

2. Pezani posungira musanayambe kuunjika

Migolo ndi mabokosi a m'misewu ndi m'mapanga si anu. Gemu imabwezeretsa malo ambiri mwakale pakadutsa masiku 10 a m'gemumo, kapena 30 ngati ndi phanga limene munalimaliza, ndipo zimene munasiyamo zimapita osabweranso. Ine ndinaphunzira zimenezi ndi mafupa a chinjoka amene ndinaika mumgolo wina pafupi ndi msika.

Gulani nyumba ya Breezehome ku Whiterun. Mtengo wake ndi 5000, mumalipira kwa Proventus Avenicci ku Dragonsreach, nyumba ya mfumu ya mzindawo, ndipo mwayiwo umatseguka mukamaliza ntchito ya ku Bleak Falls Barrow. Nyumbayo ndi yaing'ono, koma ili khomo ndi khomo ndi chipala cha Warmaiden's, pamene pali ng'anjo, nyundo, mwala wonolera ndi chofufutira zikopa malo amodzi. Zachipala muziika m'bokosi lake, zamankhwala m'lake. Mukasakaniza, tsiku lina mudzakhala mukupukusa mndandanda wa zinthu mazana kufuna timalamba tiwiri.

Mafupa ndi mamba a chinjoka ndiwo oyamba kulowa m'bokosi. Fupa limodzi limalemera 15, mamba 10, ndipo simungapange nazo zida mpaka luso lanu la kusula, Smithing, litafika pa 100. Sungani ochepa, ena gulitsani, zinjoka sizitha.

3. Chitsulo ndi zikopa

Khalani ndi piki. Imalemera 10, ndipo mumaipeza mwaulere mu Embershard Mine, mgodi wa achifwamba umene uli pakati pa Helgen ndi Riverwood. Mtsempha umodzi wa miyala umatulutsa miyala 3 kenaka n'kuuma kwa kanthawi.

Pa ng'anjo masamu ake ndi awa. Mwala umodzi wa chitsulo wamba umatulutsa ingot imodzi, kutanthauza kanjerwa kachitsulo kamene mumasulira zida. Steel imafuna mwala umodzi wa chitsulo ndi umodzi wa corundum. Ina yonse, golide, siliva, moonstone, malachite, ebony ndi inzake, imafuna miyala iwiri pa ingot imodzi.

Zikopa musazinyoze. Cha mmbulu chimatulutsa chikopa chofufuta chimodzi, cha gwape ziwiri, cha chimbalangondo zinayi, ndipo chofufuta chimodzi chimadulidwa timalamba 4. Pafupifupi chida chilichonse chimafuna timalamba timeneti, ndipo n'zopweteka kukagula kwa Adrianne wa ku Warmaiden's chinthu chimene munachisiya pa mimbulu isanu m'njira.

Kale anthu ankakweza Smithing posula timipeni tachitsulo mazanamazana, ingot imodzi ndi kalamba kamodzi pa mpeni. Gemu itakonzedwanso mu 2012, luso linayamba kukwera molingana ndi mtengo wa chimene mwasula, ndiye timipeni tinatha ntchito. Njira yabwino tsopano ndi ya mphete. Pitani ku Halted Stream Camp, kumpoto kwa Whiterun. Mukathana ndi achifwamba a kumeneko, mkati mwa mgodi mupezamo mitsempha yambiri ya chitsulo ndi buku la matsenga a Transmute Mineral Ore. Matsengawo amasandutsa mwala wa chitsulo kukhala siliva, ndipo mukawabwereza silivayo amakhala golide. Amadya kwambiri magicka, mphamvu yanu ya matsenga, choncho muzichita mukuyenda, pang'onopang'ono. Ingot imodzi ya golide imatulutsa mphete ziwiri, zopepuka, zosavuta kugulitsa. Musatuluke m'phangamo osatola mnyanga wa njovu yaubweya; tiufuna kutsogoloku.

4. Zitsulo za a Dwemer: apa ndiye werengani bwino

A Dwemer, mtundu wa anthu akale a m'gemumu, anasowa kalekale, koma anasiya mizinda yapansi yodzaza ndi zitsulo, monga Mzulft, Alftand ndi Nchuand-Zel uja. Zitsulozo zimafanana mtundu, mayina ake amafanananso, ndipo n'chifukwa chake ambiri timapusitsika. Zimene zimasungunuka ndi zisanu ndi chimodzi zokha.

Zitatu mwa izo ndi chuma chenicheni: Small Dwemer Plate Metal, Large Dwemer Plate Metal ndi Bent Dwemer Scrap Metal. Chilichonse chimalemera 2 ndipo chimatulutsa ma ingot 3. Izi musasiye ngakhale chimodzi. Zitatu zinazo ndi zolemetsa: Large Decorative Dwemer Strut imalemera 15 n'kutulutsa 2, Large Dwemer Strut imalemera 20 n'kutulutsa 3, Solid Dwemer Metal imalemera 25 n'kutulutsa 5. Onani kusiyana kwake. Timapuleti 10 tolemera 20 tonse pamodzi timakupatsani ma ingot 30. Mzati umodzi wolemera chimodzimodzi ukupatsani 3. Zolemerazi muzitola pokhapokha muli panjira yotuluka, thumba lili ndi malo, kapena Lydia ali chimanjamanja.

Tsono pali chinyengo cha dzina. Bent Dwemer Scrap Metal imasungunuka, koma Dwemer Scrap Metal, yopanda mawu oyambawo, siisungunuka. Magiya, ma gyro ndi zogwirira nazonso ng'anjo imazikana. Chokhacho choyenera kusunga m'gulu lokanidwali ndi Dwemer Cog, chifukwa Arniel Gane wa ku sukulu ya matsenga ya College of Winterhold adzakupemphani 10.

Smithing ikafika pa 30 n'kutenga perk (luso lapadera) ya Dwarven, sulani mauta. Uta umodzi umafuna ma ingot awiri a Dwarven ndi imodzi ya chitsulo wamba, popanda kalamba. Ulendo umodzi wa ku Mzulft, mutatola mwanzeru, umakweza luso kuposa sabata yathunthu ya timipeni.

5. Zitsamba, maluwa ndi ziwalo za zilombo

Apa lamulo la mtengo ndi kulemera liiwaleni. Maluwa ambiri amalemera 0.1, ndiye tolani zonse zimene mwadutsa: maluwa a m'mapiri, bowa wa pazitsa, mapiko a agulugufe, mazira a m'zisa.

Chilichonse chili ndi mphamvu zinayi zobisika. Mukadya chimodzi, mphamvu yoyamba imaululika. Zina zimapweteka pang'ono, koma ndi mtengo wa sukulu. Mankhwala amapangika mukaphatikiza zinthu ziwiri kapena zitatu zokhala ndi mphamvu yofanana. Oyamba kuwaphunzira akhale a Blue Mountain Flower ndi tirigu, amene amabwezeretsa moyo. Duwalo lili mbwee m'mbali mwa msewu wa Riverwood, tirigu ali m'minda ya kunja kwa Whiterun. Tirigu yemweyo mukamuphatikiza ndi chala cha chimphona, Giant's Toe, mumapeza mankhwala odula kwambiri, ndipo mukaponyamo Creep Cluster mtengo umakweranso. Vuto ndi kupeza chalacho, chifukwa mwini wake akakumenya ndi chibonga mukadali wofooka mumapita kumitambo.

Chimodzi chokha musadye, musaphike: Daedra Heart. Imakhala pa mndandanda wa zitsamba ngati zinzake, koma popanda iyo simungasule zida za Daedric, zimene zimatseguka Smithing ikafika pa 90. Ndi yosowa. Enthir wa ku College amagulitsa, koma pamtengo woti mudzadandaula kuti ija munadya ija munadyeranji.

Nirnroot mumayamba kuimva musanaione. Imalira kamawu kosalekeza ngati khutu likulira, imawala usiku, ndipo imamera m'mphepete mwa madzi. Ingun Black-Briar wa ku Riften amafuna 20, pamodzi ndi Deathbell 20 ndi Nightshade 20, choncho zitatuzi muzisunga kuyambira tsiku loyamba. Pansi pa dziko, ku Blackreach, kuli ina yofiira, Crimson Nirnroot. Mukawerenga zolemba za Sinderion pafupi ndi mafupa ake, mumapatsidwa ntchito yotola 30 n'kukapereka kwa Avrusa Sarethi. Palibe chizindikiro cha pa mapu chokulozerani. Zimitsani nyimbo za gemu, valani mahedifoni, yendani motsatira madzi. Mphotho yake ndi yoti pa mankhwala alionse amene mwapanga pamakhala mwayi wa 25 pa 100 kuti atuluke mabotolo awiri. Kwa wokonda zamankhwala n'zaphindu. Kwa wongokonda nkhwangwa, ndi maola otayika mumdima.

6. Zimene anthu adzakupemphani

M'mizinda muli anthu ofuna tinthu timene mwina munagulitsa dzulo pamtengo wa mandasi. Ysolda ku Whiterun amafuna mnyanga uja wa ku Halted Stream, ndipo amakuwonjezerani luso la kuyankhula, Speech. Temba Wide-Arm ku Ivarstead amafuna zikopa 10 za zimbalangondo. Ku Riften ndiye kuli chimpwirikiti: Balimund amafuna Fire Salts 10 za chipala chake, Marise Aravel mano 5 a Ice Wraith, Talen-Jei ma Flawless Amethyst atatu a mphete ya ukwati, Madesi mwala wa golide, mnyanga ndi ma Flawless Sapphire awiri. Mwala uliwonse wolembedwa kuti Flawless muziusunga, sulemera kanthu.

Ngati muli ndi Hearthfire, gawo lowonjezera la gemuyi, ndipo mukufuna kumanga nyumba, monga Lakeview Manor ku Falkreath, sungani chitsulo wamba chambiri. Misomali, mahinji ndi maloko zimachidya modabwitsa. Dongo ndi miyala zili pamalo pomwepo, osazisenza kuchokera kutali.

7. Ma soul gem

Iyi ndi miyala yosungiramo mizimu ya zolengedwa zimene mwapha, yopatsira zida mphamvu ya matsenga. Ilipo ya misinkhu: petty, lesser, common, greater, grand, ndi wakuda amene yekha amalandira mzimu wa munthu. Mukaponyera cholengedwa matsenga a Soul Trap n'kuchipha, mzimu wake umalowa m'mwala waung'ono kwambiri umene ungaukwane mwa imene muli nayo. Ndiye mukakhala ndi grand yekha m'thumba n'kupha nkhanu ya m'matope, kamzimu ka nkhanuko kakhala m'nyumba yoyenera njovu. Ikuluikulu isiyeni kunyumba mpaka tsiku limene mukupita dala kukasaka njovu zaubweya.

8. Tinthu todabwitsa

Pali kamwala kapinki koyandama m'kabokosi kagolide, kolembedwa kuti Unusual Gem. Musanakagwire, pumani kaye. Mukakatola sikachokanso m'thumba, sikagulitsika, sikatayika, mpaka mutapeza tonse 24. Ndi miyala ya chisoti cha Barenziah. Amene amakufotokozerani ndi Vex wa gulu la akuba ku Riften, ndipo sayankhula nanu bwino mpaka mutalowa gululo. Mapu sakuthandizani. Ku Whiterun kuli itatu: kuchipinda kwa Jarl, mfumu ija, ku Dragonsreach, kuchipinda kwa Kodlak ku Jorrvaskr, ndi kumanda a Hall of the Dead. Wina uli mkati mwa Proudspire Manor ku Solitude, nyumba ya 25000, moti kuti mumalize ntchitoyi muyenera kuigula. Ina ili m'malo amene mumafika pokhapokha mutalowa magulu ena. Mukaipeza yonse, Vex amakutumani ku Tolvald's Cave kukatenga chisoticho, kenaka mumalandira Prowler's Profit, imene imachititsa kuti muzipeza miyala yamtengo m'mabokosi ndi m'mitsuko ya kumanda pafupifupi paliponse. Chilungamo chake n'chakuti pofika pamenepo ndalama zimakhala zitakukwanani kale. Ngati mwatsimikiza kuifuna, yambani msanga, ndipo lembani papepala malo alionse amene mwatolapo, chifukwa gemu imangokuuzani chiwerengero. Kukhala ndi 23 osadziwa watsala uti ndi mazunzo amene sindingafunire mnzanga.

Mukafika levulo 12, m'bokosi lina lalikulu mutha kupezamo chimpira choyera cha ngodya zambiri, Meridia's Beacon. Mukangochigwira, mawu a mzimayi amakukalipirani kuchokera kumwamba, ndipo nachonso sichitayika. Ichi musachedwe nacho. Pitani nacho ku chifanizo cha Meridia pa phiri la Kilkreath, kumadzulo kwa Solitude, yeretsani kachisi wake, mutuluke ndi lupanga la Dawnbreaker limene limaotcha akufa oyenda.

Zikhadabo za chinjoka ndi makiyi a zitseko zozungulira za kumanda a a Nord. Yankho la chitseko limalembedwa pachikhatho cha chikhadabocho: tsegulani thumba, chitembenuzeni, muone zithunzi zitatu. Pa chagolide cha ku Bleak Falls Barrow ndi chimbalangondo, kadziotche ndi kadzidzi, kuyambira bwalo lakunja kulowa mkati. Mukamaliza kabwezeni kwa Lucan ku Riverwood, akulipirani. Zinazo zikatsegula chitseko chake ntchito yatha, n'zokongoletsera shelefu.

Zigoba za ansembe a zinjoka musagulitse ngakhale chimodzi. M'gemu yoyambirira zilipo 8, ndipo ku Labyrinthian kuli chigoba chathabwa chimene mukachivala pamalo ake chimakubwezani m'nthawi yakale, pa guwa la mitu isanu ndi itatu. Mukaika zonse mumalandira chachisanu ndi chinayi, Konahrik. Chimodzimodzi tinthu tachilendo ta m'ntchito za gulu la akuba, monga chifanizo cha njuchi yaikazi cha ku Goldenglow, kasitima ka chidole ndi Dwemer Puzzle Cube: musapereke kwa wina, Delvin wa m'gululo ndiye amagula, ndipo mumadzationa titayalidwa kulikulu la gululo.

Ngakhale tsache ndi buku lowonongeka zili ndi kopita. Pansi pa College, ku Midden, kuli Atronach Forge, kumene tsache limalowa m'kapangidwe ka ndodo zamatsenga ndipo Ruined Book imalowa m'kapangidwe ka mabuku a matsenga. Tsache limodzi kapena awiri akwanira. Musasese nawo dziko lonse.

9. Kugulitsa

Ogula ali ndi matumba osaya. Belethor, wa sitolo ya katundu wosiyanasiyana ku Whiterun, amakhala ndi 750, ndipo zimabwerera pakatha masiku awiri a m'gemu. Wachipala amagula zachipala, wazitsamba zazitsamba. Wa sitolo ya katundu wosiyanasiyana yekha ndiye amalandira zonse. Ndiye yendani mwadongosolo: zida ku Warmaiden's, mankhwala ku Arcadia's Cauldron, zotsala kwa Belethor. Wogula zikamuthera, gulani kwa iye zimene mukufunadi, ma ingot kapena zitsamba, ndalama zanuzo zilowe m'thumba lake, kenaka muzitengenso pomugulitsa katundu wanu.

Chimene munatola mawu ake ali ofiira ndi chakuba, ndipo ogula wamba sachiona n'komwe. Chimapita kwa Tonilia wa gulu la akuba, ku Ragged Flagon ku Riften, amene amagula mukalowa gululo. Alonda akakugwirani pa mlandu wina uliwonse, zakubazo amalanda zonse, ndiye musamayende nazo mumzinda.

Pomaliza pali timabotolo tisanu, aliyense ndi kachirombo kamoyo mkati: njuchi, gulugufe, tombolombo, kadziotche ndi chiphaniphani. Pansi pa zivundikiro zake pali zilembo zachilendo zimene osewera akhala akukangana nazo kwa zaka, koma palibe ntchito, palibe mphotho, palibe wopempha. Izi ndi zokhazo zimene ndimaphwanyira lamulo langa. Botolo la chiphaniphani lili pashelefu ku Breezehome, pafupi ndi masitepe, ndipo nthawi iliyonse ndikalowa mothamanga Lydia ali m'mbuyo, mmodzi wa ife amaligunda n'kuligwetsera pansi pa tebulo.